DZINA LA PEREIRA: ULENDO WACE KUCOKERA KU PORTUGAL KUFIKIRA KU LUANGWA

 Nkhani ya lero iri ya dzina limodzi lokha.

Munthu akafika pa zenera la ofesi kudzafuna nchito, kalaliki safunsa za mphamvu zace kapena za sukulu yace asanamve dzina. Afuna maina awiri, loyamba ndi la atate. Munthuyo ayankha msanga, kalaliki nalemba, ndipo kuyambira tsiku lomwelo dzinalo likhala pa kalata ya malipiro, pa kadi ya kucipatala, ndi m'buku la sukulu ya ana ace. Koma ndi owerengeka amene aima ndi kudzifunsa kuti, Kodi dzina limeneli linacokera kuti? Nanga analiyamba ndani?

Kwa Mfumu Malama, m'boma la Mambwe, kumwera kwa Mfuwe, midzi ya Akunda iri pafupi ndi mtsinje wa Luangwa. M'cilimwe madzi acepa, mcenga uonekera, ndipo mvuu ziunjikana m'maiwe otsala. M'dzinja mtsinje udzala, nusefukira, njira nizitsekeka. M'caka ca 1796 munthu wina wamalonda anaoloka mtsinje womwewu, kumtunda ndithu kwa Malama, ali pa ulendo wa kwa Mwata Kazembe. Dzina lace linali Manuel Caetano Pereira. Atate wace anacokera ku Goa, m'dziko la India. Iye mwini anakulira kumpoto kwa Zambezi, pakati pa Amaravi. Koma dzina lakuti Pereira kwao ndi ku Portugal, ku Ulaya. Lero lino anthu ochedwa Pereira ali mamiliyoni ambiri, Azungu, akuda ndi Amwenye, ndipo unyinji wa iwo alibe cibale ciri conse wina ndi mnzace. Tsono linayenda bwanji dzinali kuti lifike pa doko la Luangwa?

Mtengo wa pakhomo

Pa Cipwitikizi pali cipatso cochedwa pera. Si peyala uja wamafuta wogulitsidwa pa msika wa Soweto kapena wa Chisokone iai; ndi cipatso cina cotsekemera, cofanako ndi apulo, cokonda maiko ozizira. Mtengo wobala cipatsoci ndiwo pereira. Ndimo mmene Apwitikizi apangira maina a mitengo: oliveira ndi mtengo wa azitona, figueira ndi mkuyu. Pali dzina linanso limene liyenera kukondweretsa anthu a m'migodi, ndilo Ferreira, kunena kuti malo okumbapo kapena osulirapo citsulo.

Mau akuti pera anafika ngakhale kuno, koma anasintha nchito. Gwafa kwao ndi ku America, ndipo pamene Apwitikizi anamfalitsa m'maiko otentha, anthu anamucha dzina la cipatso ca ku Ulaya cija. Ndico cifukwa cace Aswahili ati mapera, ndipo Abemba ati amapela.

Kale ku Portugal munthu anadziwika ndi dzina lace ndi la atate wace. Mwana wa Gonçalo anachedwa Gonçalves, mwana wa Rodrigo anachedwa Rodrigues, mwana wa Fernando anachedwa Fernandes. Koma anthu atacuruka, maina otere anasokoneza, pakuti m'mudzi umodzi munapezeka a Gonçalves ambiri. Pamenepo anayamba kuonjezapo dzina la kumene munthu acokera. M'dzikomo munali midzi ndi minda yambiri yochedwa Pereira cifukwa ca mitengo ija. Banja lina la akulu, la kumpoto pafupi ndi mzinda wa Braga, linali ndi munda waukulu wa dzina limeneli, ndipo m'zaka za m'ma 1200 ana ace anayamba kudzicha de Pereira, monga momwe munthu anganenere kuti ndine wa kwa Jumbe kapena wa kwa Msoro. Anthu a midzi ina ya dzina lomwelo anacita cimodzimodzi, ngakhale sanali abale a banja lija.

Cinthu cimeneci si cacilendo kwa munthu wa kum'mawa. A Miti anatenga dzina lao ku mitengo, a Phiri ku phiri, a Chulu ku culu ca ciswe, a Njobvu ku nyama, a Mvula kumwamba. Ndipo ali yense adziwa kuti a Phiri a ku Katete ndi a Phiri a ku Nkhotakota angathe kukomana pa mgodi osadziwa agogo amene anawalumikiza.

Msilikari amene anataya cuma cace

Amene anachukitsa dzina la Pereira ndiye Nuno Álvares Pereira, wobadwa m'caka ca 1360. Masiku amenewo mfumu ya Castile, dziko limene lero liri mbali ya Spain, inafuna kumeza Portugal. Nuno anatsogolera asilikari a Mfumu João woyamba, ndipo pa 14 August 1385, ali ndi zaka 25, anagonjetsa Akastile pa malo ochedwa Aljubarrota, ngakhale adaniwo anali ambiri kopambana. Mfumu inamlipira ndi maiko ndi cuma cosaneneka. Mwana wace wamkazi, Beatriz, anakwatiwa ndi mwana wa mfumu, ndipo mwa iwo munatuluka banja la Bragança, limene linakhala pa mpando wacifumu wa Portugal kuyambira 1640 kufikira 1910.

Koma atakalamba, Nuno anagawa cuma cace, nabvula zobvala za nkhondo, nalowa m'nyumba ya amonke a Karimeli mu Lisbon m'caka ca 1423, nakhala monga mbale wamba kufikira imfa yace mu 1431. Mpingo wa Katolika unamwika m'gulu la oyera mtima mu 2009.

Dzina lochuka likoka anthu monga mtengo wa mthunzi. Kwa zaka mazana ambiri ku Portugal kunalibe lamulo lolimba la maina. Munthu anali ndi ufulu kutenga dzina la atate, la amai, la agogo, kapena la mbuye amene analikumgwirira nchito. Lamulo lokakamiza munthu ali yense kulembetsa kubadwa kwa mwana ku boma linadza mocedwa, mu 1911. Kotero dzina la Pereira linafala m'dziko lonselo, kufikira linakhala limodzi la maina anai kapena asanu ocuruka koposa, pamodzi ndi Silva, Santos ndi Ferreira.

Njira zinai

Kucokera ku Portugal dzinali linatuluka pa njira zinai.

Njira yoyamba ndi ya ngalawa. Vasco da Gama atazungulira nsonga ya kumwera kwa Africa, mu 1498 anaima pa mtsinje wa Quelimane ndi pa cisumbu ca Mozambique, nafika ku India. Mu 1500 Apwitikizi anafika ku Brazil, ndipo mu 1510 analanda Goa. M'ngalawamo munali amalinyero, asilikari, ansembe ndi amalonda, ena a iwo a Pereira. Wina wochuka ndiye Duarte Pacheco Pereira, amene mu 1504 anachinjiriza mzinda wa Cochin ndi asilikari owerengeka. Ambiri a amuna amenewa sanabwerera kwao. Anakwatira komweko, nabala ana. Komatu Portugal ndi dziko laling'ono, ndipo masiku amenewo anthu ace sanafika mamiliyoni awiri. Mwazi wao wokha sukadatha kudzaza dziko lapansi ndi dzina.

Njira yaciwiri ndi ya ubatizo, ndipo ndiyo inanyamula ambiri m'maiko a kum'mawa. Wansembe pobatiza munthu anampatsa dzina la woyera mtima, naonjezapo dzina la banja la atate wa ubatizo, kapena la wansembe mwini, kapena la mkulu wina wa boma. Nthawi zina anthu ambiri anabatizidwa tsiku limodzi, kotero kuti anthu osadziwana anatuluka m'chalichi ali ndi dzina limodzi. Motero ku Goa kunabuka mabanja a Amwenye enieni ochedwa Pereira, Fernandes ndi de Souza. Pa cisumbu ca Ceylon, cimene lero cichedwa Sri Lanka, Adachi anacotsa Apwitikizi mu 1658, koma maina anatsala. Kumeneko alemba Perera, ndipo liri limodzi la maina ocuruka koposa pa cisumbu conse. Ambiri a eni ace ndi a cipembedzo ca Buddha, osadziwa mau amodzi omwe a Cipwitikizi.

Njira yacitatu ndi ya kuthawa. Mu 1497 Mfumu Manuel inakakamiza Ayuda onse a m'Portugal kubatizidwa, ndipo anataya maina ao a Cihebri natenga a Cipwitikizi. Ngakhale anatero sanapeza mtendere, pakuti mu 1536 kunakhazikitsidwa bwalo la mpingo lofufuza iwo amene anasunga cipembedzo ca makolo mobisa. Ambiri anathawira ku Amsterdam, London ndi Bordeaux, dzina latsopano lija liri pamutu. Mmodzi wa mbumba yao, Jacob Rodrigues Pereira, wobadwa mu 1715, anachuka ku France cifukwa ca kuphunzitsa ana ogontha kulankhula. Adzukulu ace awiri, Émile ndi Isaac, amene analemba dzina lao Pereire, ndiwo anamangitsa njanji ya sitima yocokera ku Paris kunka ku Saint-Germain, yotsegulidwa mu 1837. Kufikira lero mu Paris muli siteshoni ya dzina lao.

Njira yacinai ndi yowawa kuisimba, ndiyo ya ukapolo. Anthu a mu Africa oposa mamiliyoni anai anatsitsidwa m'ngalawa ku Brazil kukalima nzimbe ndi khofi ndi kukumba golidi. Anawabatiza, maina a kwao natayika. Pamene analandira ufulu, ena kale, ena mu 1888 pamene ukapolo unathetsedwa m'dzikomo, anafunika dzina lolembetsa, ndipo ambiri anatenga la mbuye wao wakale kapena la atate wa ubatizo. Kalembera wa ku Brazil wa 2022 anapeza a Pereira oposa mamiliyoni 6, ndiko kuti oposa theka la anthu onse a m'Portugal momwe. M'zaka zoyamba za m'ma 1800 akapolo ambiri a ku Brazil anakwezedwa ngalawa pa Quelimane, atagwidwa m'maiko a Zambezi. Nkutheka ndithu kuti pakati pa a Pereira a ku Rio de Janeiro pali adzukulu a a Phiri ndi a Banda, osadziwa.

M'maiko ena a mu Africa amene analamulidwa ndi Portugal dzinali linalowa pa njira zomwezi. Pulezidenti woyamba wa zisumbu za Cape Verde, amene analamulira kuyambira 1975 kufikira 1991, anali Aristides Pereira.

Kucokera ku Goa kudza ku Zambezi

Tsono nkhani ibwerera kuno. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kufikira 1752 dziko la Mozambique linalamulidwa kucokera ku Goa. Cifukwa ca ici Amwenye ambiri Acikristu a ku Goa anadza ku Zambezi kudzafuna cuma. Mbiri isimba kuti amene anayamba msika wa Zumbo, pamathiriro a Luangwa, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700, anali munthu wa ku Goa dzina lace Pereira. Patsidya pace panali Feira, mau a Cipwitikizi onena kuti msika. Lero pachedwa Luangwa.

Ca m'ma 1760 kunadza winanso wa ku Goa, Gonçalo Caetano Pereira. Uyu anali munthu wa migodi monga ambiri a inu, pakuti anakumbitsa golidi m'dziko la Amaravi kumpoto kwa Tete. Anthu anamuopa, namucha Dombodombo. Mu 1793 kunafika kwa iye amalonda Acibisa, amene anamuuza za mfumu yaikulu ya Alunda ku Luapula, Mwata Kazembe, yokhala ndi minyanga ya njobvu yambiri ndi mkuwa wa ku Katanga, ndiponso yofuna nsalu. Gonçalo anatuma mwana wace Manuel. M'mwezi wa May 1796 Manuel ananyamuka pamodzi ndi Abisa, napyola dziko la Acewa, natsikira m'cigwa, naoloka Luangwa, nakwera mapiri a Muchinga, naolokanso Chambeshi, nafika kwa Kazembe. Njira sanaitsegule ndiye. Inali njira yakale ya Abisa. Koma ndiye woyamba wa ku Tete amene ulendo wace unalembedwa m'mabuku, zaka 70 David Livingstone asanaoloke mtsinje womwewo mu 1866.

Mau a Manuel anafika m'makutu a bwanamkubwa watsopano wa ku Tete, Francisco de Lacerda, wobadwira ku Brazil. Munthuyu anada nkhawa poona kuti Angerezi analanda Cape mu 1795, ndipo anafuna kutsegula njira yocokera ku Tete kukafika ku Angola iwo asanadutse pakati. Ananyamuka mu July 1798, a Pereira ali otsogolera njira. Ulendowo unali wa mabvuto okhaokha. Amtengatenga anathawa, malungo anamgwira bwanamkubwayo, ndipo mu October anafera pafupi ndi mudzi wa Kazembe. Otsala anabwerera ku Tete mu 1799 osaona Angola.

Apwitikizi anayesanso. Mu 1827 anaika asilikari owerengeka pa malo amene anawalemba kuti Marambo, m'mbali mwa Luangwa, m'dziko la Mwase mfumu ya Acewa. Limeneli ndi dzina lija la Malambo limene eni cigwa achula kufikira lero. Koma malowo sanakhalitse. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anapitanso kwa Kazembe, nabwerako mu 1832 ndi manja opanda kanthu, atataya anthu ambiri ndi njala ndi nthenda. Kuyambira pamenepo boma la Tete linaleka njira imeneyi.

Dzina limezedwa

Banja la Gonçalo linatsala kumpoto kwa Tete, ndipo zimene zinalicitikira ndizo zozizwitsa. Makolo asimba kuti Undi, mfumu ya Acewa, anawapatsa dziko la Makanga cifukwa anamthandiza pa nkhondo, ndi kuti anakwatira m'banja lacifumu. Ana ndi adzukulu ao analamulira monga mafumu Acicewa, nalandira mitulo, naweruza mirandu, nalemekeza mizimu ya dziko. Polemba kalata ku boma anasaina kuti Caetano Pereira. Koma anthu ao anawadziwa ndi maina ena, monga Chamatowa, Chisaka ndi Chinsinga. Anamenyana ndi boma la Tete kangapo, ngakhale dzina lao linali la Cipwitikizi. Wotsiriza, Chinsinga, anaukira Apwitikizi mu 1902, nagonjetsedwa, naphedwa, ndipo ufumu wa Makanga unathera pomwepo. Lero Macanga ndi boma la m'cigawo ca Tete, likulu lace ku Furancungo.

Mphamvu ya mabanja otere inali m'asilikari ao, ochedwa Acikunda. Apa omvera acenjere, pakuti ambiri asokoneza maina awiri. Akunda ndi eni cigwa a kwa Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Msoro ndi Malama. Acikunda anali akapolo onyamula mfuti a eni minda yaikulu ya ku Zambezi, ocokera m'mitundu yambiri, amene pambuyo pace anasanduka osaka njobvu ndi ogwira anthu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anakwera ndi Luangwa kucokera ku Zumbo ndi Feira, nasautsa Ansenga ndi anansi ao. Atsogoleri ao analinso ndi maina awiriawiri. José do Rosário Andrade ndiye Kanyemba. José de Araújo Lobo ndiye Matakenya. Funsani nkhalamba za kumunsi kwa cigwa za Andrade kapena Lobo, zidzapukusa mutu. Chulani Kanyemba ndi Matakenya, zidzayamba kusimba.

Cifukwa cace silinamera kuno

Nanga n'cifukwa ninji dzina limene linadzaza Brazil ndi Ceylon silinamera mizu kwa Malama, ngakhale eni ace anayenda m'cigwamo? Mau ena a alendowo anatsala m'Cinyanja: nsapato, kalata, mbatata, kacasu, amalinyero, ndi kapitao uja wodziwika kwa ali yense wa pa mgodi. Maina a Cipwitikizi amveka ku Tete ndi ku Zumbo, kumene kunali chalichi ndi boma lao. Koma kumtunda kwa cigwa mlendo anakhaladi mame, sanacedwa kukamuka.

Zifukwa ziripo ziwiri. Coyamba, Akunda, monga Acewa ndi Ansenga, awerenga mbumba kucokera kwa amai. Mwana ndi wa kucikazi, ndipo atsibweni ndiwo eni mbumba. Mlendo akabala mwana m'mudzi wotere, mudzi umtenga mwanayo. Caciwiri, ndico cacikulu, Apwitikizi sanasiye m'cigwa wansembe kapena kalaliki wokhala ndi buku. Yang'anani njira zinai zija. Ku Goa kunali buku la ubatizo, ku Lisbon buku la bwalo la mpingo, ku Brazil buku la mwini akapolo. Pali ponse pamene dzina la Pereira linakhazikika, panali munthu wogwira colembera. Mwazi unanyamula owerengeka. Buku linanyamula mamiliyoni.

Ndipo buku lomwelo linafika kuno pambuyo pace, m'manja mwa ena. Anadza amishoni, monga pa Msoro pamene Leonard Kamungu, wansembe wa ku Nyasaland, anayamba nchito ca m'ma 1910, ndipo anthu analandira maina a m'Baibulo. Linadza boma la Angerezi ndi msonkho ndi citupa. Inatseguka migodi ya Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga m'zaka za m'ma 1930, ndipo amuna a kum'mawa anapita kumeneko, ena ku Wankie ndi ku Joni. Pa zenera lija kunacitika zambiri. Kalaliki wa mtundu wina analemba monga anamvera, dzina nilipindika. Wina anachula dzina loyamba la atate wace, ndipo lomwelo linasanduka la banja lonse. Wina anabwereka citupa ca mbale wace, nakhala ndi dzina la mbaleyo kufikira imfa. Wina anapatsidwa dzina la pa nchito, Sikisipensi kapena Supuni, ndipo ana ace analowa nalo sukulu. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu ambiri anatentha zitupa, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 kunadza kadi ya reji. Koma maina ambiri anangosamuka kucoka pa pepala lakale kunka pa latsopano.

Palibe camanyazi pa dzina lotere. Wa Perera wa ku Colombo ndi wa Pereira wa ku Bahia analandira dzina la mlendo, nalisandutsa lao ndi nchito za manja ao. Coopsa ndi cina. Mdzukulu wa kapolo ku Brazil ali nalo dzina, koma safuna kudziwa dzina lokha; afuna kudziwa mudzi wa makolo ace, mtsinje umene anamwa, ndi mfunda umene anathokozedwa nao, ndipo palibe womuuza, pakuti buku silinalembe zimenezo. Mwana wobadwira ku Chamboli kapena ku Matero, amene sanaonepo Luangwa, angathe kufika pomwepo m'mibadwo iwiri yokha, popanda ngalawa kapena unyolo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo palibe woletsa munthu kukafuna nchito kutali. Koma inu a kwa Malama ndi a midzi yonse ya kum'mawa, pamene mupita kwanu pa chuthi, tengani kabuku ndi pensulo. Khalani pansi ndi agogo ndi atsibweni, muwafunse dzina la amai ao ndi la ambuye ao, pfuko la kucikazi ndi ciwongo ca kucimuna, midzi imene anasamukako, ndi amene anayamba dzina liri pa reji yanu. Lembani zonse, muwawerengere ana anu. Ndipo tsiku lokalembetsa mwana ku cipatala kapena ku sukulu, musafulumire kucoka pa zenera. Penyani cimene kalaliki walemba, cilembo ndi cilembo, pakuti cimeneco adzukulu anu adzayenda naco. Citsime cidziwika kuya cikaphwa, ndipo nkhalamba zodziwa mbiri zirikutha caka ndi caka.